Satifiketi ya Imfa ya Munthu Wamoyo

Mayi wa pa kauntala ya ofesi yolembetsa imfa anavula magalasi, nawapukuta ndi sikafu yake, kenako anayang'ananso pa kompyuta.

"Nditchulireninso zilembo zake," anatero m'Chingerezi.

Dyness anatchulanso chimodzichimodzi. Chigwenembe. Dzina loyamba Isaiah. Anamwalira mu November 2007, mu Dublin momwe muno.

"Palibe, mwana wanga. Ndayang'ana County Dublin, ndayang'ana ma county ena onse, zaka za m'mbuyo ndi zam'tsogolo zomwe. Munthu wa dzina limeneli sanamwalire m'dziko muno."

Dyness anagwira m'mphepete mwa kauntala. Anali atabwera ku Ireland pa scholarship kudzachita masters ya zaumoyo, koma mayi ake, a Lily, anamutuma ntchito ina pomuperekeza ku Chileka. Kwawo ku Ntcheu abale anali kumanga ziliza pa manda a banja, ndipo a Lily ankafuna kuti dzina la mwamuna wawo lilembedwe pamwala ngakhale thupi linatsala kunja. Ankafuna tsiku lenileni, matenda enieni, ndi chithunzi cha manda. Dyness nayenso anali atayamba kusonkhanitsa mbiri ya banja lawo, kuti bambo amene anachoka iye akadali kamwana asangokhala nkhope ya pa chithunzi cha pakhoma.

"Koma dikirani," anatero mayi uja. "Ndangolemba dzina la bambo lokha. Chigwenembe alipo mmodzi. Chaka chomwecho, mwezi womwewo."

"Ndi iwowo ndiye. Mwina analakwitsa kalembedwe."

"Uyu si Isaiah. Ndi Overstone."

Dyness anatsala pang'ono kuseka. A Overstone Chigwenembe anali bambo ake aang'ono, mng'ono wa malemu bambo ake bere limodzi. Ndiwo anakamulandira ku eyapoti atamugulira kale jekete la mphepo. Lamulungu lapitalo anadya nawo nkhuku kunyumba kwawo ku Lucan.

"Ndipatseni copy yake," anatero, mawu ake akumveka ngati a munthu wina.

* * *

Ku Ballymun, Dyness ankachita lendi chipinda khomo loyandikana ndi la a Ursula, mayi wa ku Mulanje amene anabwera mu 2013 ngati wopempha malo ndipo tsopano ankagwira ntchito ku care home yosamalira okalamba. Amalawi a ku Dublin ankawalemekeza koma ankawapewa pang'ono, chifukwa a Ursula akamva nkhani sankaisiya ili ndi bowo. Ankafunsa funso limodzi kawiri, tsiku lina ndi lina, n'kuona ngati yankho lasintha.

Madzulo amenewo anali asanavule yunifolomu. Anakankhira kapu ya tiyi pambali, nayala satifiketi ija patebulo.

"Meningitis," anawerenga. "Anamwalirira kuchipatala. Adiresi yake North Circular Road. Wopereka uthenga wa imfa, Isaiah Chigwenembe, mchimwene wake, ndipo analipo pomwalira." Anakweza mutu. "Pa webusaiti ya ma death notice wayang'anapo?"

Dyness anawaonetsa foni. Chidziwitsocho chinali chachifupi: Overstone Chigwenembe wa ku Malawi, mwambo wa mapemphero, kuika ku manda a Dardistown. Olira: mchimwene wake Isaiah ndi anzake.

"Ndiuze zimene unauzidwa iweyo. Usadumphe."

"Bambo aang'ono anati bambo anga anadwala mwadzidzidzi. Iwo eni nthawi imeneyo anali ku hostel ya opempha malo ku Galway, samaloledwa kuyendayenda. Pofika kuno anapeza boma laika kale, m'manda a anthu opanda abale, opanda chizindikiro. Lamulungu ndinawafunsa kuti andiperekeze kumandako. Anati, 'Mwana wanga, ngakhale ine sindipadziwa. Usadzivutitse ndi maofesi a kuno, angokulilitsa.'"

"Galway. Anatchula okha?"

"Kuyambira ndili mwana nkhani yake ndi yomweyo. Amayi amaidziwa pamtima. Usiku uliwonse amawapempherera powatchula dzina, ati ndi amene anatsala kutiyang'anira."

"Ku misonkhano ya Amalawi anakutengerapo?"

"Ayi. Amati Amalawi a kuno ndi amiseche, ndizingolimbikira sukulu."

"Nanga kutchalitchi kwawo?"

"Amati n'kutali."

A Ursula anagogoda tebulo ndi chala. Kenako anadzuka, nakatenga mu dilowa programu ya ukwati wa chaka chatha, naiyika pamwamba pa satifiketi ija. Pa mndandanda wa oyankhula, anaika chikhadabo pa dzina lina.

"Bambo ako aang'onowa tonse timangowatchula a Chigwe, kapena abambo a Cindy. Iwe utabwera n'kumati a Overstone, ine ndinayesa ndi dzina la kumudzi. Koma kuyambira tsiku limene ndinaponda dziko lino, dzina lawo ndimalidziwa kuti ndi ili."

Dyness anawerama. Panalembedwa kuti: Bambo Isaiah Chigwenembe, mkulu wa mpingo.

* * *

Nyumba ya ku North Circular Road inali itasanduka maofesi, koma a Ursula anaimba mafoni angapo napeza munthu amene ankakhalamo zaka zimenezo. Anali Perpetua, mayi wa ku Lusaka amene ankaluka tsitsi m'kasaluni kena kuseri kwa Moore Street. Anamupeza akusesa mesh pansi, kasitomala atangotuluka.

Atamva dzina la Chigwenembe anasiya tsache.

"Ba Ursula, imwe mufuna kuniletela mavuto. Vintu va kudala ivo."

"Mwana uyu ndi wa a Isaiah," anatero a Ursula. "Muyang'anitsitse."

Perpetua anamuyang'ana Dyness kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, nakhala pampando wa makasitomala.

"Mpuno ni yamene ija. Awe sure." Anapuma. "Ine nenze kunkala room ya pansi, beve babili pamwamba. Ba Isaiah benze na mapepa, banabapasa chaka chamene chija. Ba Overstone case yao inagwa, kalata ya deportation inabwela. Ku Galway banachokako kudala, benze kubisala kwa bakulu bao."

"Mu November muja anali m'nyumbamo?"

"Tsiku na tsiku. Galway ya kuti? Nenze kubapasa na sugar."

"Matenda anayamba bwanji?"

"Mutu. Ba Isaiah benze kulila na mutu, mukosi wauma, kuyopa light. Ine nakamba ati tiitane ambulance. Ba Overstone ati iyayi, ni malaria chabe, nabapasa panado. Mailo yake nakamba futi. Ati ambulance ibwela na ba Garda, ba police ba kuno, mufuna banigwile? So nankala zii. Na ine mapepa yanga yenze yakalibe kuchoka."

"Nanga ntchito ya a Isaiah? Sanawafunefune?"

Perpetua anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Kufuna ndani? Muntu enze kuyenda ku nchito. Ba Overstone benze kuvala jacket ya ba Isaiah, card ya ba Isaiah mu pocket, bayenda ku warehouse. Benze opalana maningi, muzungu sangasiyanise. Week yonse muntu ali gone pa bed, mufana wake ali ku shift na zina yake."

Dyness anatembenukira kwa a Ursula. A Ursula sanamuyang'ane.

"Kuchipatala anapita bwanji?"

"Ba Fredson, banzao ba ku Malawi, banabwela na motoka, paja ba Isaiah baleka kukamba bwino. Ine ninayenda kubaona after. Nafika pa reception nakamba Isaiah, ati kulibe. Nakamba Chigwenembe, ati bed yakuti. Nafika, pa kwanja bamanga ka plastic kolemba Overstone."

"Munafunsa?"

"Ba Overstone banangoniyangana. Diso ija sinizaibala." Perpetua anatembenukira kwa Dyness, natsitsa mawu. "Mwana wanga, nikuuze ichi chifukwa ni batate bako. Banauka pang'ono nili pamene paja. Nurse abwela, ati Overstone, how are we today. Beve bayesa kudonsa ka plastic kaja, bakamba mu chizungu ati si zina yanga iyi, ndine Isaiah, nili na mwana. Nurse ayangana mufana wao. Mufana wao ati ni matenda, basokonezeka, baitana ine. Nurse alemba ati confused."

Kunja munthu wina ankakuwa mitengo ya zipatso. Dyness anapempha madzi, koma atampatsa sanamwe.

"Fredson ameneyu ali kuti masiku ano?" anafunsa a Ursula.

"Ku Swords. Asebenza ku airport, ku vikwama. Koma mukamufunsa, mufunse futi za bantu bamene anatenga ku arrivals chaka chokonkapo. Ine ivo sinizakamba na kamwa kanga."

* * *

A Fredson anawalandira m'galimoto mwawo, pamalo oimika magalimoto pafupi ndi shopping centre ya ku Swords, atavala jekete lachikasu la kuntchito. Anali bambo wonenepa, wa mawu ofewa, wokonda kuyamba chiganizo chilichonse ndi Mulungu.

"Mwa chisomo, alongo, shift yanga ikuyamba half two. Koma nkhani zimene mukuzikumbazi, mawu amati zakale zapita, taonani zakhala zatsopano."

"Mawu amatinso usachite umboni wonama," anatero a Ursula. "Munanyamula ndani pa North Circular Road mu November 2007?"

"Wodwala. Ndinachita chifundo, ngati Msamariya."

"Wodwalayo anali ndani?"

A Fredson anayang'ana pagalasi, naona Dyness kumpando wakumbuyo, nabweza maso msanga.

"Anthu aja anali ofanana, alongo."

"Munkawadziwa onse awiri. Munabwera ndege imodzi ndi a Isaiah, Perpetua wandiuza. Wodwala anali ndani?"

"Anali a Isaiah."

"Pa reception anayankhula ndani?"

"Mng'ono wawo. Ine ndinali nditagwirizira wodwala pa wheelchair. Nditamva dzina limene watchula ndinayesa wasokonezeka ndi mantha. Tili panja ndinamufunsa. Anati, 'Akulu, achimwene akachira tikonza. Akapanda kuchira, boma lisiya kundisaka.' Ndiye inu mukanatani? Nthawi imeneyo anthu ankatengedwa m'bandakucha, kukwezedwa ndege ndi zovala za m'thupi zokha. Tinati wakufa sadziwa dzina la pa mtanda. Mulungu amadziwa ake."

"Tinati? Inu ndi ndani?"

"Amene tinalipo kumanda. Tinali ochepa. Ena anabwerera kumudzi, ena ali ku UK."

"Ndiye manda alipo, ndipo mumawadziwa."

"Alipo. Pali kamwala ndithu. Iyeyo amapitako chaka ndi chaka kukapalira."

Dyness anayankhula koyamba. "Pamwalapo panalembedwa ndani?"

A Fredson anayatsa ma wiper ngakhale mvula inali itasiya.

"Chaka chotsatira munakatenga anthu ku arrivals," anapitiriza a Ursula. "Anali ndani?"

"Alongo, apo ndiye mukundipachika."

"Ndikakufunsani ine ndi bwino. Akakufunsani a Garda, badge yanu ya ku eyapoti ikhala patebulo."

Bamboyo anapukuta thukuta pamphumi.

"A Isaiah asanadwale anali atapempha boma kuti banja lawo libwere. Mkazi ndi mwana. Chilolezo chinatuluka iwo atagona kale m'dothi. Kalata inafika pa dzina lawo, ndipo dzina lawo linali ndi mwini wake watsopano. Ndiye iye anati chilolezo chisapite pachabe."

"Anabwera ndani?"

"Mkazi wake, a Chiku, ndi kamwana kawo, Cindy. Ine ndinangoimirira pa arrivals ndi kapepala kolemba mayina, monga anandiuzira."

"Mayina ati?"

A Fredson anayang'ananso pagalasi, ndipo ulendo uno sanabweze maso.

"Lily Chigwenembe ndi Dyness Chigwenembe."

Dyness anakumbukira nkhani imene mayi ake ankaidandaula nthawi zonse akamafuna mapepala a sukulu. Maliro atangotha, a Overstone anaimba foni kuti a Lily apereke kwa a Chiku satifiketi ya ukwati ndi khadi la kubadwa kwa mwana, ati kampani imene malemu ankagwirako ikufuna umboni. Mapepalawo sanabwererenso. Patapita miyezi, a Chiku ndi Cindy ananyamuka, ndipo a Lily ndi amene anawaphikira kamba wa paulendo, nawaperekeza mpaka pa depoti ya Ntcheu.

Dyness anatsegula chitseko cha galimoto, natuluka, naima pa mphepo mpaka a Ursula atabwera kudzamugwira pamkono.

* * *

Loweruka masana Dyness ndi a Ursula anakwera basi ya ku Lucan. A Ursula anamuuza kuti asayambe ndi satifiketi.

"Uwasiye anene okha kaye. Bodza likatuluka pakamwa pamaso pa mboni, silibwereranso m'kati."

Nyumba ya a Overstone inali ya njerwa zofiira, yokhala ndi kapinga wometa bwino. A Chiku anawatsegulira atamanga chitenje pamwamba pa jini, nakumbatira Dyness, koma ataona a Ursula kumbuyo manja awo anafooka. A Overstone anali pabalaza akuonera mpira. Cindy, amene tsopano anali namwino, anali patebulo ndi laptop, ma earphone m'makutu.

"Mwana wanga, osaimba bwanji? Ndikanakutenga pa galimoto," anatero a Overstone. "A Ursula, mwatiyendera lero. Kwagwanji?"

"Kulibe, abambo a Cindy. Mwanayu akulemba mbiri ya banja lanu, ndiye ndikumuthandiza. Pali pamene pakusoweka. Achimwene anu akumwalira, inu munali kuti?"

"Ku Galway. Mwanayu akudziwa."

"Simunawaone akudwala?"

"Ndikanawaona bwanji? Ku hostel timasaina tsiku lililonse. Chimandipweteka mpaka lero."

"Ndi manda omwe simuwadziwa."

"Ndanena kale."

Dyness anatulutsa satifiketi m'chikwama, naiyala pa katebulo ka pakati, pafupi ndi remote. A Overstone anaiyang'ana osaigwira. Pa TV anthu ankakuwa chigoli. A Overstone anaizimitsa.

"Cindy, go upstairs," anatero.

Cindy anachotsa earphone imodzi. "Why? What's going on?"

"Asachoke," anatero Dyness. "Nkhaniyi ndi yakenso. Bambo aang'ono, pepalali likuti munamwalira mu 2007. Likuti bambo anga analipo pomwe inu mumatsirizika. Ndiwerengereni bwino, mwina Chingerezi changa n'chochepa."

A Overstone atayankhula, mawu awo anali odekha, ngati a pa guwa.

"Iwe wabwera pa ndege ndi scholarship, visa ili m'manja, anthu akukumwetulira. Sudziwa mmene tinkakhalira. Munthu wopanda mapepala kuno ndi galu. Achimwene anali akupita, madokotala ananena. Ndikanawasiya apite ndi mapepala m'manda? Akanakhala ndi mphamvu zoyankhula akanandipatsa okha."

"Anayankhula," anatero a Ursula. "Anakoka kapulasitiki ka pamkono. Anati ndine Isaiah, ndili ndi mwana. Inu munauza nesi kuti asokonezeka."

A Ursula anapitiriza.

"Ndipo dzina munasintha pa reception, dokotala asanawaone n'komwe. Ndani anali atakuuzani kuti akupita?"

"Munthu amaoneka."

"Ankaoneka sabata yonse ali m'chipinda. Perpetua anakupemphani kangati kuti muitane ambulansi?"

"Ndinkayesa malungo."

"Munthu amene anachoka ku Malawi zaka zinayi m'mbuyomo, malungo anawatenga kuti? Pa North Circular Road pali udzudzu mu November?"

"A Ursula, m'nyumba mwanga muno."

"Nyumba ya Isaiah Chigwenembe," anatero a Ursula. "Ndi mmene zilili ku banki, si choncho?"

Dyness sanafune kumva za nyumba. Anatembenukira kwa a Chiku, amene anali ataimirira pakhomo la kukhitchini atagwira kansalu kopukutira mbale.

"Mayi aang'ono, amayi anakuphikirani mbatata ndi mazira za paulendo. Anakunyamulirani chikwama pamutu mpaka pa depoti. M'chikwamamo munali pasipoti ya dzina la ndani?"

A Chiku anayamba kulira mwakachetechete.

"Ine anandiuza kuti akulu anakana kubwera. Anati a Lily ati sangakhale dziko limene linadya mwamuna wawo, ndiye tipite ife."

"Munawafunsa? Munkatunga madzi pa mjigo umodzi."

A Chiku anaphimba nkhope ndi kansalu kaja.

"Amayi sanauzidwe n'komwe kuti chilolezo chinatuluka," anatero Dyness. "Akhala akugulitsa tomato pa msika wa Kampepuza zaka zonsezi, dzuwa ndi mvula. Atadwala chibayo chaka china tinawanyamula pa njinga. Ndipo usiku uliwonse amagwada n'kumati, Ambuye dalitsani alamu anga a Overstone."

"Ndinakusamala," anatero a Overstone. "Sunagone ndi njala. Mabuku, mayunifolomu, ndani ankatumiza? Ndimakuona ngati mwana wanga weniweni."

"Mwana wanu weniweni munamupatsa dzina langa."

Cindy anali atachotsa earphone yachiwiri. Chichewa ankachimva chonse, kungoti kuyankha ankayankha m'Chingerezi, ndipo tsopano ankayang'ana mayi ake.

"Mum, you said Dyness was my baptism name. You said we were both named after the same granny."

Cindy anatembenukira kwa bambo ake.

"Ndi birthday yanga ya pa passport?" anayesa Chichewa, lilime likulemera. "Munati anachita mistake ku Lilongwe. Ndi ya ndani?"

"March 2001. Ndi yanga," anatero Dyness.

Cindy anatseka laptop pang'onopang'ono.

A Overstone anatsetsereka pa sofa, nagwada pa kapeti pamaso pa Dyness, bambo wa imvi, mkulu wa mpingo.

"Mwana wanga, tikambirane ngati banja. Ukapita kwa a Garda, sundipweteka ine ndekha. Mng'ono wakoyu amulanda pasipoti, ntchito ya unamwino itha, amutumiza dziko limene salidziwa. Walakwa chiyani iyeyu? Magazi ndi amodzi. Amayi ako ndiwabweretsa kuno, ndiwamangira nyumba, chilichonse unene. Mwala wa kumanda ndisintha."

"Musintha mulembepo ndani? Isaiah ali moyo, amalipira tax, amalalikira Lamulungu."

Dyness anatola satifiketi ija, naipinda, naibweza m'chikwama. Ankayembekezera kuti akwiya mpaka kunjenjemera, koma chimene anamva chinali kutopa, ndi manyazi oti jekete limene anavala linagulidwa ndi munthu ameneyu. Analivula, naliyika pa mkono wa sofa, natuluka ndi sweta yokha.

* * *

Anali pa bus stop pamene kagalimoto kofiira kanaima patsogolo pawo. Cindy anatsitsa galasi. Maso ake anali ofiira koma owuma.

"Get in. Nonse awiri."

"Ukudziwa kumene tikupita?" anafunsa a Ursula.

"I know."

M'njira a Ursula anauza Cindy kuti asanene chilichonse chokhudza iye mwini asanapeze solicitor, loya wa kuno, ndipo kuti anabwera ali mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, zimenezo malamulo amaziona. Cindy anangogwedeza mutu. Pa ma robot ena anatembenuka pang'ono.

"Were you hungry? Growing up?"

"Nthawi zina," anatero Dyness.

Cindy anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri mpaka anafika.

Ku siteshoni ya a Garda kunali wapolisi wamkazi wa tsitsi lofiirira kuseri kwa galasi. Dyness analowetsa satifiketi pansi pa galasilo, nanena kuti akufuna kupereka statement yokhudza munthu amene anaikidwa m'manda ndi dzina la wina, komanso mmene anafera. Wapolisiyo anawerenga, nayang'ana nkhope zitatuzo, natenga cholembera.

"Chabwino. Tiyambe ndi mayina. Inu ndinu ndani?"

"Dyness Chigwenembe. Mwana wa malemuyo."

Wapolisi analemba, atafunsa zilembo zake. A Ursula anatchula lawo. Kenako cholembera chinaloza kwa Cindy.

"Nanga inu?"

Cindy anali atatulutsa kale laisensi yake yoyendetsera galimoto, monga ankachitira moyo wake wonse akafunsidwa funso limeneli. Anaiyang'ana, nayang'ana zimene wapolisi anali atangolemba. 

Wapolisi anadikira.

"Lembani kuti ndi mng'ono wanga," anatero Dyness. "Dzina lake ndi limene tabwerera."